Nkhope ya Yezu ndi Dzanja la Wojambula

Mabuku anayi a Uthenga Wabwino amatiuza zambiri za Yezu: kumene anabadwira, mawu amene analankhula, anthu amene anadya nawo, ngakhale ola limene anafera. Koma pali chinthu chimodzi chimene Mateyo, Marko, Luka ndi Yohane sanachitchule, ndicho nkhope yake. Sanatiuze ngati anali wamtali kapena wamfupi, woyera kapena woderako, wa mphuno yosongoka kapena yophwatalala. Komabe mukalowa m'nyumba zambiri kwathu ku Likuni ndi ku Chinsapo, mudzaipeza nkhopeyo ili pakhoma, pakalendala kapena m'felemu, moyandikana ndi chithunzi cha ukwati wa eninyumba, ndipo mwana wa zaka zinayi adzakuuzani mosakayika kuti ameneyo ndi Yezu. Tsono funso langa, anzanga a m'bwalo lino, nali: munthu amene watenga bulashi ndi penti najambula nkhope imene sanaionepo, kodi akupemphera kapena akunama?

Mlandu umenewu si wa lero. Buku la Eksodo, mutu 20, limaletsa kupanga mafano. Koma buku lomwelo, mutu 31, limati Mulungu anadzaza mmisiri Bezalele ndi mzimu wake kuti akongoletse chihema chopembedzeramo. Ku Constantinople, cha m'chaka cha 726, mfumu Leo III inayamba kulimbana ndi zithunzi za m'matchalitchi, ndipo Akhristu anadana okhaokha pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Yohane wa ku Damasiko anatsutsa mfumuyo ponena kuti kale Mulungu sakanajambulika chifukwa sankaoneka, koma kuyambira pamene anavala thupi la munthu, nayenda m'fumbi, nachita thukuta, anadzipereka yekha ku maso a anthu. Msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea wa chaka cha 787 unagamula kuti ulemu umene munthu apereka ku chithunzi sutsalira pa thabwa kapena pa utoto, koma umafika kwa mwini chithunzicho. Otsatira a John Calvin sanakhutire ndi chigamulo chimenechi, n'chifukwa chake makoma a matchalitchi ochokera ku Nkhoma amakhala opanda chithunzi. Ine sindiwanyoza abale athuwa. Khoma lopanda kanthu nalonso limalalika: limati Mulungu ndi wamkulu kuposa dzanja lako.

Ansembe a chipani cha White Fathers atakhazikitsa mishoni ya Likuni m'chaka cha 1903, patangopita chaka chimodzi chitsegulire Mua, anafika pakati pa anthu amene ambiri sankadziwa kuwerenga. Anatsata nzeru ya Papa Gregory Wamkulu, amene cha m'chaka cha 600 anaphunzitsa kuti zithunzi ndizo mabuku a anthu osadziwa zilembo. Zithunzizo zinkachokera ku Ulaya, ndipo anthu ake anali Azungu okhaokha. Pamenepa sindiona tchimo. Wojambula wa ku Italy pofuna nkhope ya Amayi Maria ankayang'ana atsikana a kwawo, monganso Warner Sallman wa ku Chicago, amene m'chaka cha 1940 anajambula mutu wa Khristu wa tsitsi losalala lija umene wasindikizidwa kambirimbiri, anajambulira maso a anthu a kwawo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Vuto linabadwa chithunzicho chitawoloka nyanja. M'Chichewa chathu mawu oti "kujambula" timawagwiritsa ntchito pa kamera ndi pa bulashi pomwe, ndipo zotuluka m'zonse ziwirizi timazitcha "chithunzi". Choncho ambiri a ife tinalandira maganizo a mmisiri wa ku Ulaya ngati umboni wa munthu amene anali pomwepo. Mwana akamakula akuona kuti angelo onse, oyera mtima onse ndi Mpulumutsi yemwe sakufanana ndi amayi ake ngakhale pang'ono, amaphunzira katekisimu wachiwiri amene palibe mphunzitsi anamuphunzitsa: kuti kumwamba kuli eni ake, ndipo iye akakalowako adzakhala mlendo.

Tisaiwale kuti kujambula sikunabwere pa sitima. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula. Zoyera, za dothi lopaka ndi chala, ndi za makolo athu Achewa, zina za anamkungwi polanga anamwali, zina za amuna a kudambwe. Sankajambula kuti akongoletse phanga ayi. Ankajambula zimene ankakhulupirira, kuti mwana aone ndi maso chimene pakamwa pokha sipangathe kufotokoza. Ndipo pamene mishoni ndi gule wamkulu zinalimbana, makamaka ku Mua m'zaka za m'ma 1920, amisiri a kudambwe anayankha ndi luso lomwelo: anasema Maliya ndi Simoni, nawapaka utoto wofiira wa khungu la Mzungu wopsa ndi dzuwa, nawavinitsa pabwalo. Iwo anazindikira msanga kuti wopereka nkhope kwa munthu ndiye amene amalamula mmene anthu amuonere.

Wansembe amene anamvetsa zimenezi ndi Bambo Claude Boucher wa ku Canada, amene anafika m'dziko muno m'chaka cha 1967, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utangotsegula khomo loti Eklezia azipemphera m'zilankhulo ndi m'maluso a mitundu yonse. Iwo, pokhala mmisiri wojambula, anatsegula malo a zaluso a Kungoni ku Mua m'chaka cha 1976, ndipo anthu anawapatsa mfunda wa Chisale. Kumeneko amisiri a m'midzi anayamba kusema ndi kujambula Yezu, Maria ndi atumwi ndi nkhope zathu zino, ndipo ntchito ya manja awo inafika mpaka m'kachisi wa bungwe la Missio ku Munich. Makoma a nyumba yosungiramo zakale ya Chamare anajambulidwa mbiri ya dziko lino, pamene m'kati mwake muli zigoba za gule mazanamazana. Malo amene kale kunali mkangano wa mtanda ndi chinyau, ziwirizi zinagona pansi pa denga limodzi.

Koma ndisafulumire kuomba m'manja, pakuti pali chitsutso chimene sindingachilumphe. Yezu anali Myuda wa ku Galileya. Sanali Mzungu, sanalinso Mchewa. Ngati wa ku Chicago ananama, kodi wa ku Mua akunena zoona chifukwa chakuti bodza lake likutikomera? Chinanso choopsa n'chakuti munthu angathe kugwadira nkhope yakeyake namayesa kuti akupembedza Mulungu. Fano lenileni silidziwika ndi mtengo umene alisemera kapena utoto umene alipaka; limadziwika ndi khalidwe lake lovomereza zonse zimene mwini wake afuna. Yezu wakuda amene ntchito yake ndi kungotiuza kuti ndife anthu abwino, mtundu wathu ndi wosalakwa, ndi fano chimodzimodzi ndi Yezu woyera amene ankadalitsa atsamunda.

Yankho langa ndi lakuti wojambula asathere panjira. Ngati wapatsa Yezu nkhope ya kuno, apatsenso Yudasi nkhope ya kuno. Pilato asambe m'manja atavala suti, atakhala pampando wa muofesi imene timaidziwa. Asilikali okhoma misomali akhale ana a alongo athu. Njira ya Mtanda idutse mumsewu wa fumbi wa ku Chinsapo, ndipo khamu lofuula lifanane ndi khamu lija limaunjirira mnyamata woganiziridwa kuba pamsika, wina atanyamula mwala, wina akungoonerera manja ali m'thumba. Simoni wa ku Kirene akhale wakabaza amene waimitsidwa ali paulendo wake. Chithunzi chotere sichinyengerera munthu. Chimanena chinthu chimene kamera ikanakhalapo pa Gologota sikanatha kunena: kuti nkhaniyi sinathe, ndipo woonerayo ali m'katimo, kaya mbali ya wopachikidwa kaya mbali ya opachika.

Nanga chimene chimagwedeza dzanja la wojambula chimachokera kuti? Ife olemba ndakatulo timachidziwa chinthu chimenechi: chimafika osaitanidwa, pakati pa usiku kapena m'minibasi, ndipo sichikupatsa mtendere mpaka utachiika papepala. Mkhristu ali ndi ufulu wochitcha mphatso ya Mzimu. Koma si mphepo iliyonse imene ili Mzimu, ndipo chikhulupiriro sichiwongola mzere wokhota. Ndaonapo zithunzi za m'matchalitchi zojambulidwa mwaulesi, eni ake akubisala kumbuyo kwa dzina la Mulungu kuti munthu asawadzudzule. Ndaonaponso mmisiri amene m'mawa amalemba zikwangwani za malo ometera ndi magolosale kuti ana adye, madzulo n'kukhala pansi ndi zitini za penti wotsala kusakanizasakaniza mpaka atapeza mtundu weniweni wa khungu la mayi wolira mwana wake. Pa awiriwa, wachiwiriyu ndiye akupemphera, ngakhale milomo yake ili chete. Pemphero lake ndi kuyang'anitsitsa munthu mnzake nthawi yaitali, mosanyansidwa ndi mosanama, chinthu chimene ambiri a ife sitichita ngakhale kwa amene timagona nawo nyumba imodzi. Mwina n'chifukwa chake Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anacheza m'Malawi m'chaka cha 1989, analembera amisiri kalata m'chaka cha 1999 yowauza kuti Eklezia amawafuna.

Kodi tsono wojambula uja akunama? Akunama ngati atiuza kuti taonani, Yezu ankaoneka chonchi. Sakunama ngati atiuza kuti taonani kumene mungamupeze. Makolo amene anaumba mawu oti "chithunzi" anawatenga pafupi ndi "mthunzi", ndipo anachita bwino. Wapaulendo amene waona mthunzi pansi sautola kuti apite nawo kwawo. Amakweza maso kufuna mtengo. Chithunzi cha pakhoma la tchalitchi chiyesedwe ndi muyeso womwewo: Misa ikatha, anthu atatuluka panja, kodi wopemphetsa wakhala pachipata uja akumuona bwino kuposa mmene anamuonera polowa?