Barizilai Anafunsidwa, Ndipo Anamveredwa

Sabata ino werengani 2 Samueli 19:31-39.

Barizilai anali munthu wachuma, amene anadyetsa Mfumu Davide ndi anthu ake pamene ankathawa Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide anafuna kumutenga kuti akamusunge ku Yerusalemu. Koma mkuluyu anali ndi zaka 80. Anauza mfumu poyera kuti chakudya sachimvanso kukoma, oyimba sawamvanso, ndipo safuna kukhala mtolo. Anapempha kuti abwerere kwawo, akafere pafupi ndi manda a makolo ake. Davide anamumvera, namudalitsa, namulola kupita.

Muno mu Nabvutika a Barizilai tili nawo ambiri. Amayi amene anaphunzitsa ana ndi tomato wa ku Kapata Market, lero sitiroko inawagwira mbali imodzi, chitenje akuchita kumangidwa ndi mdzukulu. Atate amene ankapalasa njinga tauni yonse ya Chipata, shuga yawadya maso, ndipo kuchimbudzi akupita mogwiridwa dzanja. Matendawo amawawa, inde, koma chowawa koposa n'chakuti palibenso amene amawafunsa kanthu. Ndalama yawo ya Social Cash Transfer ikalowa, ana agawana kale ntchito yake. Za kuwatumiza kumudzi zikukambidwa iwo ali pomwepo, ngati tikukamba za thumba la chimanga. Abale, zimenezi si za ana a Mulungu ayi.

Inu mukusamala agogo, afunseni: musamba nthawi yanji, mudya chiyani, mufuna kukhala kuti? Chimene angathe okha, ngakhale kusenda nshawa, asiyeni achite, olo achedwe.

Ndipo inu ambuya, inu agogo, kugwiridwa dzanja si kuchepa kwa chikhulupiriro. Si temberero, si ufiti, wina asakunamizeni. Timakhulupirira machiritso, aleluya, ndipo tidzakusanjikani manja m'dzina la Yesu. Koma mankhwala a BP ndi a shuga amamwedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale thupi likumveka bwino, chifukwa BP imakwera mwakachetechete mpaka kuphulitsa mtsempha wa mu ubongo. Mukachoka pa guwa, tsiku lanu la ku Chipata Central Hospital likadalipo.

Atsogoleri a ma cell, lembani okalamba a m'dera lanu amene sakuthanso kufika ku tchalitchi, mundipatse mayinawo Sondo likubwerali kuti a Bishopu akonze zowayendera. Musanalembe munthu, yambani mwamufunsa ngati akufuna alendo, komanso tsiku liti.