Munthu akaoneka ngati nyerere

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ife a mu Blantyre tinaphunzira kukonda phokoso la helikopita. Zina zinachokera ku Tanzania ndi ku Zambia kudzatula chakudya kumadera kumene misewu inaduka. Oziyendetsa anali asilikali, ndipo tinawapempherera madalitso, osakumbuka kuti ntchito yawo ili ndi nkhope ina.

Nkhope inayo inaoneka pa 4 Novembala 2013 kum'mawa kwa Congo, pamene mahelikopita a Rooivalk a dziko la South Africa anakhuthulira mizinga pa phiri la Chanzu, linga la zigawenga za M23. M'mawa mwake zigawengazo zinalengeza kuti zaleka nkhondo. Ndegezo zinkathandiza gulu la United Nations momwe munalinso ana athu a Malawi Defence Force. Tsono sitingasambe m'manja: mzinga uliwonse unachepetsa zipolopolo zimene zikanadikirira mwana wa ku Ndirande kapena wa ku Mangochi.

Komabe mtima sukhala pansi. Khalifa Abu Bakr, potumiza ankhondo ku Sham, anawaletsa kupha mkazi, mwana kapena nkhalamba, ngakhalenso kudula mtengo wobala zipatso. Lamulolo linaperekedwa kwa anthu a lupanga, oona nkhope ya amene akumukantha. Wa m'mwamba amaona anthu ngati nyerere. Khasu paphewa ndi mfuti paphewa zimafanana, ndipo nthawi yosankha ndi ya kuphethira kwa diso.

Ena amati mlandu ngwa mkulu wolamula pa wailesi. Ali nalodi gawo lake, koma chala chili pa batani n'cha mwini wake, ndipo pa Tsiku la Chiweruzo adzayankhira yekha. Ife tikuona kuti kutalikirako kumangomuwonjezera udindo: diso likakayika, chala chibwerere, ngakhale mdani apulumuke, ngakhale opulumukayo akawombere mwana wathu mawa. Tikudziwa kulemera kwa mawu amenewa kwa mayi amene mwana wake anavala yunifolomu.

N'kosavutanso kuwalemba tili pakhonde ku Limbe. Mu Febuluwale 2023, mwezi umodzi Freddy asanatifike, helikopita ya Oryx ya South Africa inawomberedwa ili m'mwamba polowera ku Goma. Msilikali mmodzi wa m'ndegemo anamwalira, woyendetsa anavulala, ndipo ndegeyo inakatera ku Goma itanyamula mtembo wa mnzawo.