Dzira M'rediyeta

Galimoto yakale ya alendo, ija yokhala ndi bedi ndi khitchini m'kati, ikafika pa Chitakale rediyeta ikudontha, makaniko amakhala ndi njira ziwiri. Angathe kuimasula n'kuiwotcherera, ntchito yodya tsiku. Apo ayi, amaswera dzira laliwisi m'madzi ake. Likapsa limamata kabowo, mlendo n'kumapita akumwetulira.

Kodi pamenepa wanama? Ena amati ayi, popeza kudonthako kwaleka. Komatu dziralo limatsekanso timachubu tabwinobwino, ndipo madzi angathe kukawira pa zitunda za ku Thyolo, makanikoyo ali kutali.

Dziralo ine sindilitsutsa, pakuti lapulumutsa ambiri kutchire. Chondivuta n'kulandira ndalama ya ntchito yowotcherera, osamuuza mwini galimotoyo kuti akafika ku Limbe akatsukitse rediyetayo.