Msampha Ukapha, Wapha Ndani?

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, ambiri mwa inu mumakwera kumtunda ndi matumba a usipa ndi utaka kukagulitsa ku Jenda, ku Mzimba Boma ndi m'misika ina ya kumeneko. Pa maulendo otere zimachitika kuti munthu akuitanirani kuseri nakuonetsani nyama yowamba, yoda bii ndi utsi, ya mtengo wotsika. Akuti ndi gwape kapena insa. M'mwezi wa Ramazani, pamene mtima umalakalaka ndiwo yabwino ya pa futali, dzanja silichedwa kulowa m'thumba. Koma musanagule, dzifunseni kuti nyamayo inafa bwanji.

Nyama yambiri yotere siifa ndi mfuti ayi, imafa ndi msampha wa waya. Munthu amatenga waya wa mabuleki a njinga, kapena wodula pa mpanda, namanga khwekhwe panjira pamene nyama zimapita kukamwa madzi. Zotere zimachitika m'nkhalango za m'mapiri a Viphya, ku Perekezi pafupi ndi Boma, ndi ku Vwaza kumalire a Mzimba ndi Rumphi. Akatchera misampha yambiri amabwerera kwawo kukagona. Nyama ikakodwa imaphupha, ndipo pamene ikukoka ndi pamene waya akulowerera m'khosi kapena m'mwendo. Ina imafa usiku womwewo, ina imatha masiku ili ndi ludzu. Yambiri imaolera pomwepo chifukwa mwini wake anaiwala pamene anatchera. Ndipo waya alibe maso: amagwira yabere, galu wa mnansi, mwana wa ng'ombe, ngakhale chitamba cha njovu. Ku Liwonde, bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyo mu chaka cha 2015, alonda anachotsa misampha ya waya yoposa 30,000.

Tsono mukamfunsa wotcherayo, yankho lake n'lakuti, "Ine sindinaphe kanthu, nyama inadzikola yokha, ine ndinali kunyumba." Mawuwa musawaseke msanga, pakuti ambiri a ife timaganiza chomwecho: chimene sitinachione ndi maso sichitilemera mumtima. Koma taganizani izi. Msampha womwewo ukagwira mbawala yonenepa, munthu wina n'kuipeza n'kuisenza, wotcherayo adzatani? Adzathamangira kwa mfumu kukadandaula kuti amubera nyama yake. Eti nyama yake! Nanga si anati sanaphe ndi iye? Ngati phindu la msamphawo ndi lake ngakhale anali m'tulo, ndiye kuti masiku atatu amene nyama ina inalira m'wayamo nawonso ndi ake. Sangasankhe kuti waya akhale dzanja lake tsiku la ndiwo lokha.

Chisilamu sichiletsa ulenje. Koma malamulo ake amammanga mlenje pamodzi ndi nyama imene wapha. Atchule dzina la Allah poponya muvi kapena potuma galu wophunzitsidwa, ndipo akaipeza nyamayo ikadali ndi moyo aizinge. Nyama yofa popotoledwa khosi ndi haramu, monga Surat Al-Maida ifotokozera, kotero yopezeka itafa kale mumsampha siidyedwa. Mukayang'ana bwino muona kuti malamulowa akufuna kuti mlenje adziwe chimene akupha, ndi kuti imfa ikhale yachangu. Mtumiki Muhammad (S.A.W.) anaphunzitsa za mayi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka osampatsa chakudya mpaka kufa. Mayiyo sanammenye mphaka uja. Anangomanga, n'kuchokapo.

Pa chifukwa chimenechi wamfuti aliko bwino pang'ono, popeza amaona nyama yake, ndipo mashehe ambiri amavomereza nyama yophedwa ndi chipolopolo ngati dzina la Allah linatchulidwa. Koma mfuti za gogodela zosula kumudzi kawirikawiri zimangovulaza, nyama n'kuthawa ndi bala. Mlenje amene atopa kulondola magazi nabwerera wafanana ndi wamsampha uja. Palinso lamulo la boma: mfuti imafuna chilolezo, kusaka m'nkhalango zotetezedwa n'koletsedwa, ndipo kuyambira mu 2017 chilango cha milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire chimafika zaka 30 m'ndende. Wopezeka ndi nyamayo naye amagwidwa, ngakhale anachita kugula.

Pali wina amene tiyenera kumumvera modekha. Ndiye mlimi amene munda wake uli m'mphepete mwa nkhalango, amene nguluwe zimathyola chimanga chake usiku ndipo anyani amamaliza masana. Ameneyu sasaka ndiwo, akuteteza nsima ya ana ake. Anthu oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu, kumwera kwa Mzimba, akudziwa zowawa zoposa apa: mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde, ndipo pambuyo pake minda inaonongedwa, anthu ena anafa. Amene sanagonepo m'chilindo ndi kuzizira kwa ku Mzimba asafulumire kumuweruza mlimi wotere. Kuteteza munda n'kololedwa ndithu. Komabe funso lija silimusiya. Wotchera pamunda pake aziyendera msampha wake m'mawa ndi madzulo, athetse msanga ululu wa chimene chakodwa, ndipo akakolola auchotse. Waya wotsala m'tchire chimanga chili kale m'nkhokwe sakutetezanso kanthu.

Moto nawo ndi msampha wopanda mwini. Mnyamata amayatsa tchire mu Okutobala pofuna mbewa kapena kalulu mmodzi, moto n'kupita kutali kumene iye sanafikeko. Nkhalango ya paini ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, yakhala ikupsa chaka ndi chaka, ndipo ina mwa moto umenewu imayamba motero. Nthaka ikatsala yambee, mvula imaikokolola. Mtsinje wa Mzimba umathira mu South Rukuru, ndipo South Rukuru amathira m'nyanja imene inu mumadyeramo.

Mwina mukuti izi ndi za anthu akumtunda, popeza nsomba siizingidwa ndipo ngakhale yofa yokha ndi halali. N'zoona, ndipo pa nsomba Allah anatipeputsira. Koma kuloledwa kudya sikuchotsa funso la amene wapha. Matchera opyapyala a pulasitiki akaduka kapena kutayika saola msanga. Amapitiriza kukola nsomba pansi pa madzi mwini wake atagula kale ena. Neti ya udzudzu yosokereredwa ku khoka imakokolola kasawala amene akanakhala chambo cha chaka chamawa, ndipo wambiri amangotayika pamchenga. Akuluakulu a ku Malombe akukumbukira mmene chambo chinathera kumeneko kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, mpaka makomiti a m'madoko anayambitsidwa mu 1993. Palibe msodzi mmodzi amene anamaliza chambo chimenecho, ndipo n'chifukwa chake aliyense anatha kunena kuti si iye.

Pa chilumba cha Mbenji ku Salima anthu anasankha njira ina. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mfumu ya kumeneko imatseka usodzi nyengo yonse ya mvula, asodzi onse amachokapo ndi zida zawo, ndipo wophwanya lamulo amathamangitsidwa. Tsiku lotsegula likafika, asodzi amabwera kuchokera kutali kudzapha utaka waukulu umene m'madoko ambiri sukuonekanso.