Kodi Nyimbo ya Makolo Ingalire Maliro a Lero?

M'chaka cha 1964 woimba wina wa ku America, mai Joan Baez, adatulutsa chimbale chotchedwa Joan Baez/5. Maiyu adatchuka ndi nyimbo zamakedzana za ku England ndi ku Scotland, nyimbo zosimba nkhani, zimene ozipeka ake sadziŵika. Koma pa chimbale chimenechi adasakaniza zakalezo ndi zina zongopekedwa kumene ndi achinyamata anzake monga Bob Dylan ndi Phil Ochs. Tsono funso lathu nali: kodi wochita zotere akulemekeza makolo, kapena akuwapeputsa?

Tiyeni tione nyimbo ziŵiri za pa chimbalepo. Yoyamba, The Death of Queen Jane, imasimba za mkazi wa mfumu Henry VIII amene adamwalira m'chaka cha 1537 atangochira mwana wamwamuna. Ili m'gulu la nyimbo 305 zimene Francis James Child adasindikiza pakati pa 1882 ndi 1898. Yachiŵiri, Birmingham Sunday, adaipeka mlamu wa woimbayo, Richard Fariña. Pa 15 September 1963, tsiku Lamulungu, anthu a gulu la Ku Klux Klan, lodana ndi anthu akuda, adaphulitsa bomba pa tchalitchi cha Baptist mu mzinda wa Birmingham, ku Alabama. Padafa atsikana anai: atatu a zaka 14, mmodzi wa zaka 11. Fariña sadapeke maimbidwe atsopano ai. Adabwereka a nyimbo yakale ya ku Britain yolira chikondi chotayika, naikamo maina a anawo.

Alipo amene anganene kuti chuma cha makolo n'chosati nkuseŵera nacho, tingochisunga monga tidachilandirira. Mau ameneŵa sitingawataye, pakuti ambiri aononga zabwino pongofuna kuoneka amakono. Komabe tisaiŵale kuti nyimbo iliyonse yakale idali yatsopano tsiku lina. Idabadwa chifukwa wina adafa, wina adanyengedwa, ndipo otsala adasoŵa pothira misozi.

Kulira mfumukazi ya 1537 n'kosavuta, popeza onse okhudzidwa adapita kale, palibe angakuzenge mlandu. Kuimba za Birmingham m'chaka cha 1964 kudali kwina, chifukwa opha anawo adali kuyendabe mfulu. Woyamba adapezeka wolakwa pa mlandu wakuphawo m'chaka cha 1977. Munthu wogwetsa misozi pa maliro a m'nthano, koma nkuuma m'maso pa maliro a mwana wa mnansi wake, ameneyo wakonda kukoma kwa chisoni, sadakonde munthu. Apa nyimbo yatsopano ikuyesa yakale ngati idatiphunzitsadi chifundo.

Nayonso yatsopano siima payokha. Chisoni chikadali chachiŵisi sichidziŵa kulankhula. Chimangokuwa, mwinanso nkufuna kulipsira. Maimbidwe amene adapita pakamwa pa mibadwo yambiri amachigwira dzanja, nachiyendetsa pang'onopang'ono mpaka mkwiyo usanduke dandaulo loti ndi mdani yemwe angathe kulimvera. Paja mau a akuluakulu akoma akagonera.

Ambuye Yesu, pa Mateyo 13:52, adafanizira mphunzitsi wodziŵa za Ufumu wa Kumwamba ndi mwini nyumba wotulutsa m'nkhokwe mwake zatsopano pamodzi ndi zakale. Sadamuuze kuti asankhepo chimodzi.

Inu makolo, mwana wanu akabwera ndi nyimbo yachilendo, musafulumire kutseka makutu. Yambani mwamufunsa kuti ikulira yani, ikudandaula chiyani. Nanunso achinyamata, pamene agogo akali moyo, khalani nawo pansi akuphunzitseni nyimbo zao za pamtondo ndi za pamaliro. Tsiku lidzafika pamene chisoni chidzakugwerani, mau anuanu nkukutherani. Pa tsikulo mudzafuna maimbidwe obwereka, ndipo adzakhala odala amene adawasunga.