Kodi Mwana Apite Kumunda Kapena Kusukulu?

Inu makolo a ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, funso ili ndi lanu. Nyengo yothyola fodya ikafika, manja amacepa, ndipo mumati: "Mwana ajombe lero lokha." Kodi pamenepo palibe kulakwa?

Kumbukirani kuti m'nthawi ya Apwitikizi ana akuda ambiri sankapitirira maphunziro oyamba, ndipo nkhondo imene inatha mu 1992 inapasula sukulu zambiri. Kale, omana ana maphunziro anali ena. Tsopano lamulo la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kufikira kalasi 9. Akamanidwa lero, wommana ndani?

Mwana kuthandiza kumunda n'kwabwino, koma ataweruka kusukulu. Fodya adzagulitsidwa, ndalama n'kutha. Koma caka cimene mwana wataya sicibwerera, akhale mnyamata kapena mtsikana. M'mera mpoyamba.