Mphatso ya Kampani ndi Funso la Niya

M'chaka cha 1999, kampani ya mankhwala ya ku America ya Bristol-Myers Squibb idalonjeza madola 100 miliyoni olimbana ndi HIV pakati pa amayi ndi ana ku South Africa, Botswana, Namibia, Lesotho ndi Swaziland. Gawo la ndalamazo lidafika kwa magulu a m'midzi ophunzitsa kapewedwe ka kachilomboka. Koma panthawi yomweyo, kampaniyi idali m'gulu la makampani 39 amene adasumira boma la South Africa pokana lamulo la 1997 lofuna kutsitsa mtengo wa mankhwala. Masiku amenewo, mankhwala otalikitsa moyo ankadya madola oposa 10,000 pachaka kwa munthu mmodzi. Makampaniwo adauchotsa mlanduwo mu Epulo 2001, anthu atachita zionetsero.

Tsono mphatso yotere tiitche chiyani? Ndi sadaka, kapena malonda ovala mkanjo wa chifundo?

Chisilamu chimatiphunzitsa kuti chopereka chimayezedwa ndi niya ya wopereka, ndipo kupereka kofuna kutamandidwa kumafufuta malipiro ake. Komabe muyeso umenewu uli m'manja mwa Allah, pakuti ife mtima wa munthu sitiuona. Mayi woyembekezera amene adayezetsa magazi chifukwa mlangizi adafika pakhomo pake, nabereka mwana wopanda kachilombo, sadapulumutsidwe ndi niya ya eni kampani; adapulumutsidwa ndi ntchito imene idagwirika. Kukana thandizo lotere pofuna kuoneka oyera m'manja ndiko kulipira ulemu wathu ndi moyo wa mwana wa wina.

Chimene tingayeze ife ndi zipatso za mphatsoyo. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo kampani ikapereka imadziwa chimene ikuika. Choyenera kufunsa ndi ichi: ikuyembekezera kudzatenga chiyani kwa ife? Ngati ndi dzina labwino, itenge. Ngati ndi kukhala chete kwathu pamene mtengo wa mankhwala ukupha osauka, tisagulitse, chifukwa chifundo sichilowa m'malo mwa chilungamo.

Tifunsenso chimene chidzatsale ndalama zikadzatha. Chikwangwani chimachita dzimbiri, koma mlangizi wophunzitsidwa bwino, shehe wolankhula za kuyezetsa magazi mopanda manyazi, ndi gulu la amayi lodziyendetsa lokha, amenewa amakhalitsa.

Choncho tilandire ndi kuthokoza, tiwerengere ndalama iliyonse mokhulupirika monga amana, koma pakamwa pathu pakhale pomasuka kudzudzula dzanja lomwelo likalakwa.